Nambala ya Mkamwini

Ine kwathu ndi kumapiri a Ntchisi, koma mphamvu zanga zinathera ku Dowa, m'mudzi wina kumtunda kwa Chezi, kumene ndinakalowa chikamwini ndili mnyamata. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kuwerenga ndimatha, kulemba ndimatha, ndipo palibe munthu amene anandiwerengerapo kalata yanga.

Ana a m'tauni chikamwini amangochimva. Umasiya mudzi wa amayi ako n'kukakhala kwa mkazi. Munda ndi wa kuchikazi, ana ndi a kuchikazi, ngakhale pamene wamangapo nyumba ndi pa kuchikazi. Chako ndi khasu, nkhwangwa ndi malaya. Sindikudandaula. Atate anga anakhala choncho ndipo sanafe nazo.

Nditafika, amene anandiperekeza kukaona munda anali alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga. Tinali amsinkhu umodzi. Iwo ndi amene pambuyo pake anadzakhala mwini mbumba, woyang'anira alongo awo ndi ana a alongo awo. Anandilozera pamtsetse wa phiri, miyala yokhayokha.

"Alamu, paja mwati ndinu akumapiri? Nawa abale anu, muziwazula."

Chilamu ndi chotero. Amakunyoza, iwe n'kubweza, nonse n'kuseka. Ndinawauza kuti miyalayo ndi yofewa kusiyana ndi mutu wawo. Kenaka ndinaizula. Ndinaiunjika m'malire mpaka inasanduka mpanda wofika m'chiuno. Ndinathira manyowa a mbuzi chaka ndi chaka. Ana anga pokula anapeza munda wa dothi lakuda, ndipo ankaganiza kuti unabadwa choncho.

Tinalima fodya zaka zambiri, ine ndi mkazi wanga. Fodya atayamba kubwerera ku okushoni, msana nawo utayamba kukana, tinasiya chigafa chigwe chokha n'kuyamba mtedza ndi soya. Mudzi wonse unachita chimodzimodzi. Kulima tinkatha. Chovuta chinali kugulitsa. Msewu wathu ndi wa miyala ndi zigwembe, lole sibwera popanda chifukwa. Amene ankabwera ndi mavenda a njinga zamoto. Ankapachika sikelo pamtengo wa mango pa golosale, ndipo mtengo wa mtedza unali umene watuluka m'kamwa mwawo tsiku limenelo. Ukati wachepa, ankakuuza kuti senza upite nawo wekha ku Lilongwe.

Chaka china alangizi a zaulimi anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anabwera ndi achinyamata a bungwe lina. Anati tipange kalabu, ndipo kalabuyo ilembetse nambala imodzi ya foni. Pa nambala imeneyo pazidzabwera uthenga wa mitengo ya m'misika ikuluikulu. Tikakolola, mwini nambala azidzatumiza uthenga wonena zimene tili nazo, ogula a kutali n'kumaona, wofuna n'kuimba. Koma nambalayo inayenera kukhala ya munthu mmodzi wodziwika, yolembetsedwa ndi chitupa chake cha unzika.

Atafika pamenepo, anthu anayamba kuyang'ana pansi. M'mudzi munali kale manong'onong'o. Ena ankati ukapereka chitupa, boma lidzakupeza pa msonkho. Ena ankati katundu akakakanidwa kutauni, apolisi adzagwira mwini nambala. Amayi ena ankanena za anthu opopa magazi. Alangizi anafunsa kawiri kuti alembe yani. Onse anatembenukira kwa alamu anga, chifukwa ndiwo anali wamkulu wa mbumba yaikulu m'mudzimo. Iwo anakhosomola.

"Lembani alamu angawa. Amawerenga, foni ali nayo. Komanso akamangidwa mudzi sugwa ayi, ndi obwera."

Bwalo lonse linaseka. Ine ndinaimirira, ndinatulutsa chitupa m'thumba la jekete, ndinakachiika pa tebulo.

"Lembani. Eni mudzi mawondo akuwomba." 

Anasekanso. Kunyumba mkazi wanga sanaseke.

"Mwavomereranji?"

"Amafuna munthu wosaopa."

"Amafuna munthu woti akatayika asamulire."

Ndinkadziwa kuti akunena zoona, koma mawu ndinali nditapereka kale.

Foni yanga inali ya mabatani, yondigulira mwana wanga wamkazi woyamba, amene anakwatiwa n'kumanga m'mudzi momwemo. Ndinkatchajitsa pa golosale, pamene panali sola. Uthenga unayamba kubwera monga ananenera. Ndinkapita nawo pa mjigo m'mawa n'kuwerenga mokweza: mtedza ku Lilongwe wakuti, soya wakuti. Anthu ankagwira pakamwa. Koma chaka choyambacho palibe anaimba. Tinagulitsabe kwa venda yemwe uja, pansi pa mango womwe uja. Ndinamuwerengera uthenga pamaso pake. Anandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu ndithu.

"Zoona zimenezo, madala. Ndiye foniyo ili ndi sikelo? Iuzeni igule."

Sindinaone chaka chowawa pa malonda ngati chimenecho. Kale tinkaberedwa osadziwa, n'kumagona tulo. Tsopano tinkadziwa. Ena anayamba kunena kuti ndisiye kuwerenga pa mjigo, ndikungowawawitsa mitima.

Chaka chachiwiri, tili mkati mothothola mtedza, foni inalira ndili kumunda. Anali mayi wina wa ku Lilongwe wopanga chiponde cha m'mabotolo. Anati waona kuti kalabu yathu ili ndi mtedza wa chalimbana, ndipo akhoza kutumiza lole ngati tisonkhanitsa pamalo amodzi. Koma ananena chinthu chimodzi mobwereza.

"Bambo, ndikudziwa zimene mumachita kumudziko. Mumawaza madzi mtedza kuti makoko afewe poswa. Mtedza wotero umachita chuku m'thumba, ine sindingaupere. Ndikapeza thumba limodzi lonyowa, lole ibwerera yopanda kanthu ndipo sindidzaimbanso."

Ndinamuuza kuti sapeza.

Kuwaza madzi aliyense ankawaza. Mtedza wouma bwino umang'amba zala poswa, makamaka kwa amayi amene amaswa tsiku lonse. Ndinayenda khomo ndi khomo kuwauza kuti chaka chino zala zipirire. Tsiku losonkhanitsa ndinakhala pakhomo la tchalitchi chakale chimene tinabwereka kuti chikhale mosungira. Thumba lililonse ndinkalowetsa mkono mpaka m'chigongono, kutapa wa pakati, n'kuluma. Wouma umalira pa dzino. Wonyowa umangophwanyika mwakachetechete. Matumba a akazi awo a alamu anga sanalire.

"Awa abwerere akayanikidwe."

Mayiwo anaika manja m'chiuno. "Inu? Kundibwezera ine katundu m'mudzi muno?"

"Mudzi ndi wa amuna anu. Nambala ndi yanga. Akayanikidwe."

Alamu anga anali pomwepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anauza ana kuti anyamule matumbawo. Lole inabwera, inadzaza, inapita. Mtengo wake sindiunena, koma chaka chimenecho nyumba zingapo m'mudzimo zinafoleredwa malata.

Kuyambira pamenepo zinthu zinasintha. Mayi wa chiponde uja ankaimba chaka chilichonse, ndipo anauzako anzake ogula soya. Nkhope yake sindinaionepo mpaka lero. Ankangotumiza dalaivala. Koma mawu anga ankawadziwa, ndipo ndikati katundu ali bwino, sankafunsanso. Midzi iwiri yoyandikana nayo inapempha kulowa m'kalabu. Ine amene pa milandu ya m'mudzi ndinkakhala kumbuyo pamodzi ndi akamwini anzanga, osafunsidwa kanthu, ndinayamba kumva "odi" pakhomo panga dzuwa lisanakwere. Pamaliro ankandipatsa mpando. Sindibisa, zinandikomera. Munthu ukakhala zaka zonsezo ukuitanidwa kuti "obwera", mpando umaumva kukoma.

Mkazi wanga anadwala nthawi ya dzinja, chimanga chikumasula. Anayamba ndi kutupa miyendo. Tinapita naye kuchipatala, anabwerako, anapitanso, ndipo ulendo wachiwiriwo anabwera m'bokosi. Za maliro ake sindilemba. Ndi zanga.

Mwambo wake ngodziwika. Mkazi akamwalira, mkamwini samangonyamuka, komanso samangokhala. Amadikira. Pakapita miyezi, makamaka anthu akakolola, akuchikazi amaitana ankhoswe a mwamunayo n'kumusudzula, kutanthauza kumumasula: ukwati watha, akhoza kukwatira kwina, akhoza kubwerera kwawo. Nthawi zina, ngati munthuyo anakhala bwino ndi anthu, amamuuza pomwepo kuti asapite, akhale ndi ana ake ndipo azilimabe pamene ankalima. Mawu amenewo akanenedwa pamaso pa ankhoswe, palibe angadzawabweze. Ine ndinkadikira mawu amenewo.

Titakolola, mwana wa mlongo wanga anabwera kuchokera ku Ntchisi. Ankhoswe anga akale anali atatha kumwalira, ndiye iye ndi amene anatsala woimira kwathu. Anakafunsa kwa alamu anga kuti mwambo uchitika liti.

"Kuthamangira kuti? Misozi sinaume. Alamu athuwa akutivuta chiyani? Bwererani, tidzakuitanani."

Mnyamatayo anabwerera. Ine ndinamva bwino mumtima. Ndinati anthu awa akuchita manyazi kundimasula chifukwa andiyesa wawo. Ndinalima ndekha chaka chimenecho, mwana wanga n'kumandipatsira chakudya kuchokera kunyumba kwake.

Koma munthu wosasudzulidwa ali ngati chovala choyanikidwa pa mpanda, sichili m'nyumba, sichili pathupi. Zovala za malemu zinali zikadali m'sutikesi, zosagawidwa. Sindikanatha kukonza denga osadzifunsa kuti ndikukonzera yani. Ndipo nthawi yoswa mizere itafika, ndinapeza kuti kumunsi kwa munda wanga wina wagalauzako mizere ingapo. Anali mwamuna wa mwana wa mlamu wanga wamkazi wamng'ono, mkamwini watsopano. Nditamufunsa, anavula chipewa.

"Andilozera ndi atsibweni, bambo. Akuti inu nokha simungamalize ponseponse."

Sindinakangane naye. Iye analakwanji? Chaka chotsatira mizere yake inakwera kumtunda pang'ono. Mwana wa mlongo wanga anabweranso, anauzidwanso kuti adikire.

Ndinadzamva chifukwa chimene sankandisudzulira masana, pagulu, tsiku lokweza mtedza. Lole inachedwa. Anthu anakhala pa matumba kunja kwa tchalitchi chakale chija akudya nzimbe. Alamu anga anali atalawako pang'ono, monga amachitira tsiku la malonda. Bambo wina wa mudzi woyandikana nawo, amene sankadziwa bwino za kwathu, anafunsa mosalingalira.

"Kodi akuluwa paja sanasudzulidwebe? Mvula yagwa kawiri tsopano."

Alamu anga analavula makoko a nzimbe.

"Tiwasudzule kuti atani? Anyamule nambala apite nayo ku Ntchisi, ife tizigulitsa kwa yani? Ayi, awa ndi simukhadi yathu. Timawasunga pouma."

Anthu anaseka kwambiri. Wina anagwa pa thumba. Kenaka anayamba kundiyang'ana, kudikira kuti ndibweze, pakuti chilamu chathu chinali chodziwika ndipo sindinkalephera kubweza. Ndinafunafuna mawu, osawapeza. Kuseka kunazilala kokha. Mwana wanga, amene anali pakati pa amayi, anadzuka n'kupita kuseri kwa tchalitchi. Pamenepo ndinadziwa kuti iye ankadziwa kale, ndiponso kuti mudzi wonse unkadziwa. Wosadziwa ndinali ine ndekha, mwini nambala, wowerengera anthu uthenga.

Lole itabwera ndinaluma mtedza wa thumba lililonse monga mwa nthawi zonse. Ntchito ndi ntchito.

Patapita masiku ndinamuimbira mayi wa chiponde. Ndinamufunsa ngati kalabu ingasinthe nambala.

"Bwanji, bambo, foni yatayika?"

"Iyayi. Ndakalamba."

Anati kusintha nambala n'kovuta, chifukwa mbiri yonse ya kalabu, kuti katundu wathu sanabwezedwepo, ili pa nambala imeneyo. Yatsopano ikayamba ngati mlendo, ndipo ogula ena sangaikhulupirire. Chosavuta n'chakuti nambala ikhale yomweyo koma isinthe mwini. Tingopita awiri, ine ndi mwini watsopanoyo, ku ofesi ya kampani ya mafoni, aliyense ndi chitupa chake.

"Koma musandipatse munthu wowaza madzi," anatero.

Ndinamuuza kuti ndimupatsa mwana wanga.

Mwana wangayo ndinamupeza akupeta soya pakhomo pake. Nditamuuza, anaika lichero pansi.

"Ababa, mwaganiza bwino?"

"Sindilankhula ndisanaganize."

"Nambala imeneyo ndi imene ikukusungani pano. Mukaipereka, atsibweni aitana ankhoswe mwezi usanathe."

"Ndi chimene ndikufuna."

"Nanga akakuuzani kuti pitani?"

"Ndipita."

"Kupita kuti? Ku Ntchisi mukumudziwa ndani? Agogo anamwalira, azakhali anamwalira. Mukakhala mlendo kumeneko kuposa kuno. Kodi chavuta n'chiyani kungokhala chete? Mukudya, mukugona m'nyumba mwanu, adzukulu anu ali pano. Asiyeni azinena za simukhadi. Mawu amapha?"

"Iwe, tamvera. Mbuzi imadyanso, imagonanso pouma. Koma imadziwa chimene akuisungira. Ine ndikufuna ndimve ngati anthu awa angandiuze kuti khalani, ndilibe kanthu m'thumba."

"Nanga akapanda kunena?"

"Ndidzakhala ndadziwa."

"Kudziwa kumeneko mudzadya?"

Anatenga mkamwa mwa amayi ake mwana ameneyu. Anakana mlungu wonse. Ndinamuuza kuti akapanda kupita nane, nambalayo ndikaipereka kwa atsibweni ake enieniwo. Apo anavomera, chifukwa ankadziwa kuti m'manja mwa iwowo mtedza wonyowa ukwera lole chaka chomwecho.

Tinapita ku boma pa njinga zamoto. Mu ofesimo munali mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wanga. Anatenga zitupa zathu, anajambula mwana wanga nkhope, anandifunsa manambala amene ndimaimbira kawirikawiri kuti atsimikize kuti foniyo ndi yangadi.

"Agogo, mukudziwa kuti tikasintha, simungadzaitengenso popanda amayiwa kuvomera?"

"Ndikudziwa."

"Sanakukakamizeni?"

Mwana wanga anaseka kuseka kowawa. "Awa? Kuwakakamiza awa?"

Panja ndinatsegula foni kumbuyo, ndinachotsa batire, ndinasolola kakhadiko ndi chikhadabo. Kanthu kochepa ngati khoko la mtedza. Ndinakaika m'dzanja la mwana wanga. Sanafune kufumbata, ndinachita kumupinda zala ndine.

M'mawa mwake ndinapita kwa alamu anga. Ndinawapeza pakhonde akusoka thumba.

"Alamu, nambala ija tsopano ili ndi mbumba yanu. Ili m'dzina la mwana wa mlongo wanu. Sipitanso ku Ntchisi. Itanani ankhoswe anga."

Singano inaima. "Aa, alamu. Zija za tsiku lija? Anali macheza amene aja. Ife ndi inu tayamba liti kusungirana mawu?"

"Ngati anali macheza, palibe chovuta. Itanani ankhoswe, munene pamaso pawo zimene zili mumtima mwanu."

"Mwakwiya."

"Sindinakwiye. Ndatopa kuyanikidwa."

Anayang'ana thumba lawo. Ndinaona kuti akuchita manyazi, ndipo ndinaonanso kuti apepukidwa. Zonse ziwiri zinali pankhope imodzi. Munthu ameneyu ndinakumba naye manda a anthu ambiri, ndinkamudziwa.

Mwana wanga analosera bwino. Mwezi usanathe, uthenga unapita ku Ntchisi.

Tsiku la mwambo, akuchikazi anaphika thobwa. Anayala mphasa pakhomo la nyumba yanga, akuchikazi mbali ina, ine ndi mwana wa mlongo wanga mbali ina. Zovala za malemu anazitulutsa n'kugawana alongo ndi ana. Kenaka alamu anga anaika nkhuku yomanga miyendo patsogolo panga n'kuyamba kulankhula. Analankhula bwino, sindingawanamizire. Anati ndinasunga mlongo wawo mpaka kumanda, sindinamumenyepo, sindinamugonetsepo ndi njala. Anati ndinatsegulira mudzi njira ya malonda pamene eni ake ankaopa.

"Lero takumasulani. Mukafuna kukwatira, kwatirani. Mukafuna kupita kwanu, njira ndi yoyera. Mukafuna kukhala, ana ndi anu, sitikuthamangitsani."

Anthu anaomba m'manja mwaulemu. Mwana wanga anandiyang'ana ndi maso akuti mwamva, akuti khalani. Koma ine ndinamva chimene sichinanenedwe. Mkamwini safunsa pa mphasa yotere, amamulankhulira ndi ankhoswe. Ndinafunsa ndekha.

"Nanga munda?"

Nkhuku ija inakupiza mapiko.

"Munda ndi wa mbumba, alamu, inunso mukudziwa. Kumtunda alima mwana wanuyu. Kumunsi tinalonjeza kale ana aja. Inu mwakula, mupume. Mbale yanu siisowa pakhomo pa mwana wanu."

Ndiye anali mawu ake amenewo. Kukhala ndikhale, koma ngati mwana wamasiye, wodikira mbale kuchokera m'nkhokwe ya mkamwini wanga, ine mkamwini mnzake. Dzuwa likatuluka ndiziona anthu akupita ndi makasu kumunda umene ndinazula miyala, ine n'kutsala pakhonde ndi nkhuku. Sanalakwitse mwambo. Ndafufuza mumtima mwanga nthawi zambiri, sindipeza pamene analakwitsa mwambo. N'chifukwa chake zimapweteka, palibe woti n'kumuimba mlandu.

Ndinathokoza. Ndinanyamula nkhuku n'kuipereka kwa mwana wa mlongo wanga. Ndinati ndipita kwathu.

Mwana wanga sanalire pagulu. Anadikira anthu abalalike, n'kundipeza m'nyumba ndikumanga mabulangete.

"Mwadziwa tsopano. Mwakhuta?"

"Usandilankhule choncho."

"Ndikulankhulani choncho, ababa. Amayi anapita, inunso mukudzichotsa nokha. Mukanangosunga kakhadi kaja bwenzi mukulimabe munda wanu."

"Mpaka liti? Mizere inkakwera chaka ndi chaka. Ukanadzandipeza ndikulima pakhonde."

"Bola tikanakhala tikukuonani."

Ndinamuuza kuti andithandize kumanga mtolo. Anamanga, mwaukali, mfundo zake zinandivuta kumasula nditafika.

Ndinatenga khasu, nkhwangwa, njinga, wailesi, mabulangete ndi thumba limodzi la mbewu ya chalimbana. Alamu anga anabwereka ngolo n'kundiperekeza okha mpaka pamsewu. M'njira anayesa kuyambitsa chilamu, ananena za ng'ombe zowonda ngati anthu a ku Ntchisi. Ndinawasiya alankhule. Pamsewu anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Muzibwera, alamu. Mudzi ndi wanu."

"Mudzi ndi wanu," ndinatero. Galimoto inabwera.

Za kalabu ndimamva kwa mwana wanga, amene amandiimbira pa foni ya msuweni wake wa kuno Lamulungu lililonse. Mayi wa chiponde akugulabe. Chaka choyamba anafunsa za ine, chachiwiri sanafunse. Mwana wanga amaluma mtedza pakhomo la tchalitchi ndipo akuti anabwezapo matumba a atsibweni ake. Tsopano ali ndi foni yaikulu, amajambula katundu n'kutumiza zithunzi, ogula achuluka. Ndimakondwa. Komanso usiku wina ndimafuna ndikanamva kuti china chake chinavuta nditachoka. Palibe chinavuta.

Kuno ku Ntchisi ndinapeza mapiri ali pomwe ndinawasiya, koma anthu ndi ena. Nyumba ya amayi anga inagwa kalekale, pamalopo pali nthochi. Minda ya mbumba yathu inagawidwa kwa ana a alongo anga ndi ana awo, mpaka m'mphepete mwa nkhalango. Mwa mwambo ine ndine tsibweni wawo wamkulu, woyenera kufunsidwa chilichonse. Koma sangafunse munthu amene sadziwa malire a minda yawo ngakhale maina a ana awo. Mwana wa mlongo wanga, amene anatengera mkazi wake kuno, anandipatsa kanyumba kamene ankasungiramo fodya, ndi kachigawo ka munda wake kumapeto, kokwana mbewu imene ndinabwera nayo. Ndi munthu wabwino. Mtedza wanga ndimagulitsa kwa venda, pa sikelo ya pamtengo. Mtengo wa ku Lilongwe sindiudziwanso, ndipo sindifunsa.

Tsiku lina masana ndinali m'kanyumbako ndikunola khasu. Mkazi wa mwana wa mlongo wanga ankatsuka mbale kuseri, ndipo sanadziwe kuti ndili mkati. Mwamuna wake atafika, anamufunsa motsitsa mawu, osati mwankhanza, monga mayi amene akuganiza za nkhokwe yake ndi za mvula ikubwera.

"Kodi alendowa akhala mpaka liti? Fodya wa chaka chino tidzaika kuti?"

Mwamunayo anayamba kumuletsa. Ndinaona kuti akuvutika, ndiye ndinamuthandiza. Ndinayankha ndili mkati momwemo.

"Auze kuti mpaka adzukulu a kumanda adzabwere kudzanditenga. Fodyayo mumangire chigafa china, mitengo ndikadula ndine."

Kunja mbale zinayambanso kulira, pang'onopang'ono. Ndinamaliza kunola khasu, ndinatenga nkhwangwa, ndinapita kukayang'ana mitengo.